Kupeka Solo ya Blues pa Gitala: Mmene Wongoyamba Amaphunzirira

Solo ya blues ndi mpata umene woimba ndi pakamwa amayamba wakhala chete, gitala n'kutenga malo ake kwa kanthawi. Zimene gitalayo imanena pa mpata umenewu sizikhala zolembedwa kapena zoloweza pamtima. Woliza amazipeka pompo, gulu lonse likupitiriza kuimba pambuyo pake, ndipo akabwereza nyimbo yomweyo mawa lake sizituluka chimodzimodzi. Kwa munthu amene wangodziwa kumene kugwira ma chord atatu kapena anayi, izi zimaoneka ngati mphatso yobadwa nayo. Komatu kupeka kumeneku kuli ndi maziko ake ophunzirika, ndipo ndi ochepa modabwitsa: mzere wa zigawo 12, manoti asanu, ndi njira zingapo zogwirira nsambo. Ntchito yaikulu imakhala yosandutsa zochepazo kukhala chiganizo chimene khutu la womvera lingathe kuchitsatira.

Blues inabadwira kummwera kwa United States chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pakati pa ana ndi zidzukulu za anthu akuda amene anali akapolo, makamaka m'madera olima thonje monga Mississippi Delta. W.C. Handy anasindikiza "The Memphis Blues" mu 1912, ndipo mu 1920 Mamie Smith anajambula "Crazy Blues", imene inagulidwa kwambiri moti makampani ojambula nyimbo anayamba kusakasaka oimba akuda. Solo ya gitala monga ikudziwikira lero, yoyenda noti imodziimodzi, inakhwima pang'onopang'ono. Lonnie Johnson anali kuimba choncho kale m'ma 1920. T-Bone Walker, amene anajambula "Call It Stormy Monday" mu 1947, anaitengera pa gitala yamagetsi, ndipo magetsiwo anasintha zinthu: noti imodzi inayamba kutha kukhalitsa ndi kumveka pamwamba pa ng'oma ndi malipenga, ngati mawu a munthu. Pambuyo pake panadza B.B. King, Albert King ndi Freddie King, amene sanali pachibale ngakhale dzina ndi limodzi. Zambiri zimene wophunzira wa lero amayesa pa gitala yake zinadzera m'manja mwa anthu atatuwa.

Zigawo 12

Nyimbo zambiri za blues zimayenda pa mzere umodzi wobwerezabwereza wa zigawo 12, zimene oimba amazitcha ma bar. Chigawo chilichonse chili ndi kugunda kunayi. Ma chord ake ndi atatu okha, omwe aja amene woimba kwaya amawadziwa kuti akhala pa do, fa ndi so. Nyimbo ikakhala mu kiyi ya A, amenewa ndi A7, D7 ndi E7. Zigawo zinayi zoyamba zimakhala pa A7. Chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi zimapita pa D7, ziwiri zotsatira n'kubwerera pa A7. Chigawo cha 9 chimakwera pa E7, cha 10 chimatsikira pa D7, cha 11 chimafika pa A7, ndipo cha 12 nthawi zambiri chimagwa pa E7 kuti chikankhire nyimbo poyambira. Ena amalowetsa D7 pa chigawo chachiwiri, koma msana wa nyimboyo umakhala womwewo.

Mawu a nyimbo nawo ali ndi kaimidwe kake. Woimba amanena mzere woyamba, amaubwereza, kenaka amanena wachitatu umene umayankha kapena kumasula awiri oyambawo. Mzere uliwonse uli ndi zigawo zinayi, koma mawu amadzaza pafupifupi ziwiri zokha. Ziwiri zotsalazo ndi za gitala, kuti ivomere, monga mmene gulu limavomerera wotsogolera nyimbo pa dambwe kapena pa mtondo. Solo yonse inakula kuchokera ku kuvomera kumeneku, ndipo wophunzira amene wamvetsa mfundoyi wayamba bwino kuposa amene waloweza manoti ambiri.

Kagundidwe kake n'kofunika chimodzimodzi. Blues yambiri imayenda pa chimene amati shuffle: kugunda kulikonse kumagawidwa patatu, koma pamamveka pawiri, koyamba kotalika, kachiwiri kofupika, ngati kuyenda kwa munthu wotsimphina pang'ono. Woimba manoti olondola koma owagawa mofanana ndendende amatulutsa chinthu chouma, chosakhala blues.

N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amauza wongoyamba kuti ayambe waiwala za solo, akhale masabata angapo akuimba rizimu yokha. Amakhala pansi, phazi likugunda, pakamwa pakuwerenga: 1, 2, 3, 4, kenaka 2, 2, 3, 4, kenaka 3, 2, 3, 4, mpaka pa 12. Pa liwiro la kugunda 60 pa mphindi, mzere wonse umatha masekondi 48. Amaubwereza kufikira thupi litayamba kumva lokha kuti D7 yayandikira, kuwerenga kusakufunikanso. Kenaka amadzijambula pa foni akuimba rizimuyo kwa mphindi zisanu kapena khumi, ndipo chojambulacho chimakhala mnzake woimba naye. Vuto lalikulu la ongoyamba kumene ndi kusochera m'kati mwa zigawo 12, osadziwanso pamene nyimbo yafika, ndipo mankhwala ake ndi amenewa basi.

Manoti asanu ndi msampha wake

Manoti amene solo ya blues imayambira ndi asanu, otchedwa minor pentatonic. Mu kiyi ya A ndi A, C, D, E ndi G. Wodziwa sol-fa akatenga A kukhala la, amawamva ngati la, do, re, mi, so. Pa gitala yochunidwa mwa masiku onse, E A D G B E kuchokera ku nsambo yonenepa, manotiwa amapezeka onse pamalo amodzi, dzanja osasuntha. Chala cha mkombaphala chimakhala pa fureti yachisanu, fureti kukhala timizere tachitsulo tija topingasa pakhosi pa gitala. Pa nsambo yachisanu ndi chimodzi, yonenepa kwambiri, manoti ali pa fureti 5 ndi 8. Pa nsambo zitatu zotsatira ali pa 5 ndi 7. Pa nsambo ziwiri zopyapyala ali pa 5 ndi 8. Oimba amalitcha bokosi chifukwa cha maonekedwe ake. Nyimbo ikasamukira mu kiyi ina, bokosi lonse limangosuntha: kiyi ya G lili pa fureti 3, kiyi ya C lili pa fureti 8.

Pamanoti asanuwa amawonjezerapo yachisanu ndi chimodzi, E♭, imene ili pakati pa D ndi E. Ili pa fureti 6 ya nsambo yachisanu ndi pa fureti 8 ya nsambo yachitatu. Ndi noti yodutsapo, yowawa ngati munthu aimapo nthawi yaitali, koma yokoma ngati mchere akangoikhudza n'kupitirira.

Bokosi limeneli limakondweretsa chifukwa noti iliyonse ya m'kati mwake imamveka yololeka pa ma chord onse atatu. Msampha wake uli pomwepo. Wophunzira akalidziwa amayamba kukwera kuchokera ku nsambo yonenepa mpaka ku yopyapyala, n'kutsikanso, n'kukweranso, osaima. Palibe noti yolakwika, koma palibenso chimene chanenedwa. Zala ndizo zikutsogolera, khutu likungotsatira pambuyo. Ambiri amakhala pamenepa miyezi yochuluka, ena zaka, akuganiza kuti chikusowa ndi mabokosi ena kapena liwiro. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi mpumulo.

Kulankhula ndi gitala

Munthu woimba ndi pakamwa, kapena woliza lipenga, amakakamizika kuima kuti apume, ndipo kupumako kumadula nyimbo yake m'ziganizo. Gitala ilibe mapapo, choncho woliza ayenera kudziikira yekha malire. Njira imodzi yakale ndi kuimba kaye kachiganizo ndi pakamwa, manoti atatu kapena anayi, kenaka n'kukafunafuna pa nsambo. Njira ina ndi kuliza pamene mpweya ukutuluka, n'kusiya pamene ukulowa. Zonse ziwiri zimabwezera ulamuliro ku khutu.

B.B. King ndiye chitsanzo chodziwika bwino pa nkhaniyi. Sankaimba pakamwa ndi kuliza gitala nthawi imodzi. Akamaliza mzere, gitala yake, imene ankaitcha Lucille, inkayankha, nthawi zina ndi noti imodzi yokha yogwedezedwa. Womvetsera nyimbo zake mosamala amadabwa kuchepa kwa manoti ndi kuchuluka kwa malo opanda kanthu.

Chizolowezi chothandiza kwambiri ndi kudzimana dala. Wophunzira amasankha manoti atatu okha, mwachitsanzo A pa fureti 7 ya nsambo yachinayi, C pa fureti 5 ya nsambo yachitatu, ndi D pa fureti 7 ya nsambo yomweyo, n'kuimba zigawo 12 zonse osatulukamo. Poyamba zimamuthera msanga. Posakhalitsa amazindikira kuti angathe kuyamba kachiganizo komweko kugunda kusanafike kapena kutangodutsa, kukokera noti yomaliza kapena kuidula, kumenya nsambo mwamphamvu kapena kuisisita chabe. Manoti ndi omwewo, koma tanthauzo likusintha. Kenaka amatengera kaimidwe ka mawu a nyimbo: kachiganizo kamodzi pa zigawo ziwiri zoyamba, chete pa ziwiri zotsatira, kachiganizo komweko D7 ikafika, chete, ndiyeno yankho losiyana pa E7. Kubwereza kumene wongoyamba amakuopa, poganiza kuti anthu aona ngati nzeru zamuthera, ndiko kumapatsa womvera pogwira.

Pomalizira chiganizo napo pali mawu. Noti ya A ndi kwawo kwa nyimbo, ndipo m'bokosi ija imapezeka patatu: fureti 5 ya nsambo yonenepa, fureti 7 ya nsambo yachinayi, ndi fureti 5 ya nsambo yoyamba. Chiganizo chothera pa A chimamveka chotsekedwa. Chothera pa E kapena pa G chimamveka ngati funso limene likudikira yankho.

Kukoka nsambo ndi kuigwedeza

Mawu enieni a blues ali pakati pa mafureti, pamalo amene piyano singafike. Oimba blues ndi pakamwa amaimba manoti ena motsetsereka, osakhazikika pamene nyimbo za ku Ulaya zimawaika. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka, analemba m'buku lake la 1999, "Africa and the Blues", kuti manoti amenewa si a ku Ulaya opotozedwa, koma ali ndi mizu m'kamvedwe ka nyimbo ka madera ena a mu Africa, makamaka m'chigawo cha kumadzulo chakumunsi kwa chipululu cha Sahara. Oliza gitala a ku Mississippi ankawafikira potsetseretsa khosi la botolo kapena mpeni pa nsambo, njira yofanana ndi kalizidwe ka hauyani kamene kanali kotchuka ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo. B.B. King ankanena kuti kugwedeza kwake kwa nsambo kunabadwa poyesa kutsanzira ndi chala mawu a botolo a Bukka White, m'bale wake wa kwa mayi ake.

Kukoka nsambo ndi kuikankhira m'mbali kuti noti ikwere. Kukoka kodziwika kwambiri mu kiyi ya A ndi kwa D, pa fureti 7 ya nsambo yachitatu, kuikweza mpaka ifike pa E. Chala chachitatu ndicho chimagwira notiyo, koma sichigwira ntchito chokha. Chapakati ndi cha mkombaphala zimatsamira pa nsambo yomweyo kumbuyo kwake, chala chachikulu chimakolowekeka pamwamba pa khosi la gitala, ndipo mphamvu imachokera pa kupotokola kwa mkono, ngati munthu akutsegula chitseko ndi chogwirira chozungulira. Wokoka ndi nsonga ya chala chimodzi amatopa msanga ndipo safika.

Kufika ndiye nkhani yake. Noti yokokedwa n'kutsalira pang'ono pansi pa pamene imapita imapweteka khutu kuposa noti yolakwika yeniyeni. Podziyesa, wophunzira amayamba waliza E pa fureti 9 ya nsambo yachitatu, kuimvetsetsa, kenaka n'kubwerera pa 7 ndi kukoka mpaka mawu afanane. Amachitanso chimodzimodzi ndi G pa fureti 8 ya nsambo yachiwiri, imene imakwera kufika pa A ya pa fureti 10. Masabata oyamba nsonga za zala zimawawa, zina kuchita matuza, kenaka khungu limalimba. Kunenepa kwa nsambo kumathandiza kapena kulepheretsa. Pa gitala yamagetsi ambiri amayambira pa nsambo zimene yoyamba yake ndi ya 0.009 kapena 0.010 ya inchi. Gitala ya bokosi yopanda magetsi imakhala ndi nsambo zolimba, yachitatu yake yokulungidwa, moti kuikoka mpaka mafureti awiri n'kovuta, ndipo woliza gitala yotere amachita bwino kutsetsereka ndi chala kuchoka pa 7 kupita pa 9. Stevie Ray Vaughan ankakonda nsambo zonenepa kwambiri, koma ankachuna gitala yake motsitsa ndi theka la sitepe, ndiko kuti fureti imodzi, ndipo si njira yoti wongoyamba aitengere.

Albert King anali wamanzere. Ankangotembenuza gitala ya Gibson Flying V osasintha nsambo, moti yopyapyala inkakhala pamwamba, iye n'kumaikokera pansi m'malo moikankhira m'mwamba. Dzanja limakhala ndi mphamvu zambiri pokokera pansi, ndipo n'chifukwa chake kukoka kwake, monga kumamvekera pa chimbale cha "Born Under a Bad Sign" cha 1967, kuli kotakata ndi kolira chomwecho.

Kugwedeza nsambo ndi kukoka kwakung'ono kobwerezabwereza pa noti imene yaima. Kuyenera kukhala kofanana, kobwerera pa noti yake nthawi iliyonse. Kwa wongoyamba kumatuluka konjenjemera ndi kothamanga, ndipo amakukonza pokuchita pang'onopang'ono motsatira kugunda kwa phazi. Kumatenga nthawi kuposa china chilichonse, komanso n'kumene kumachititsa kuti woliza wina adziwike ndi noti imodzi yokha.

Kutsatira ma chord

Bokosi likakhazikika m'zala, khutu limayamba kumva kuti manoti ake sakoma mofanana paliponse. Chifukwa chake chili m'kati mwa ma chord. A7 ili ndi A, C♯, E ndi G. Bokosi lili ndi C, pamene chord ili ndi C♯, ndipo kulimbana kwa manoti awiriwa ndiko kumapatsa blues kukoma kwake kowawasa. Oliza odziwa sakhala pa C yeniyeni. Amaikankha pang'ono chabe, osafika pa C♯, kapena amaiyamba pa fureti 5 ya nsambo yachitatu n'kumenyetsa chala pa 6. Kasinthidwe kakang'ono kameneka kamasintha solo yonse.

D7 ikafika zinthu zimatembenuka. Chord imeneyi ili ndi D, F♯, A ndi C, choncho C ija tsopano yakhala kwawo ndipo C♯ ndiyo imalimbana nayo. F♯, imene mulibe m'bokosi, ili pafupi pomwepo, pa fureti 7 ya nsambo yachiwiri, ndipo woliza akagwerapo pa kugunda koyamba kwa chigawo chachisanu, womvera amamva kusintha kwa chord ngakhale patapanda woimba rizimu. Pa E7 noti yosavuta kugwerapo ndi E yomwe, pa fureti 5 ya nsambo yachiwiri, ndipo G♯ ili pa fureti 6 ya nsambo yachinayi. Sikofunika kusintha chilichonse. Noti imodzi yoikidwa pamalo pake chord ikamasintha imakwanira.

Bokosi lomwelo likatsitsidwa mafureti atatu, mkombaphala n'kukhala pa fureti 2, limapereka A, B, C♯, E ndi F♯, amene ndi major pentatonic. Mawu ake ndi owala, okoma ngati a nyimbo za m'tchalitchi cha anthu akuda a ku America. B.B. King ankasakaniza mitundu iwiriyi, kawirikawiri pa kamalo kakang'ono kozungulira A ya pa fureti 10 ya nsambo yachiwiri, kamene oliza gitala akutchula ndi dzina lake mpaka lero. Wophunzira angayambe ndi lamulo losavuta: manoti owalawo pa A7, bokosi loyamba lija pa D7.

Kuphunzira kwa akuluakulu ndi kuimba ndi anthu

Palibe amene amapeka kuchokera pachabe. Woliza aliyense ali ndi thumba la tiziganizo tating'ono, totchedwa ma lick, timene anatola kwa ena n'kutisintha. Oimba a kale ankabwezera singano ya galamafoni pamalo amodzimodzi mpaka mbale kutha. Lero foni imatha kuchepetsa liwiro la nyimbo mawu osatsika, koma ntchito ya khutu ndi yomweyo: kumva masekondi awiri kapena atatu, kuwaimba pakamwa, kuwapeza pa nsambo, ndi kutsanzira osati manoti okha komanso kukoka, kugwedeza ndi mphamvu ya kamenyedwe. Kachiganizo kamodzi kotoledwa ndi khutu kamakhala m'mutu kuposa khumi towerengedwa papepala. Kakalowa, wophunzira amakayesa pa zigawo zosiyanasiyana, amakadula pakati, amasintha mathero ake, amakasamutsira mu kiyi ina, mpaka katasiya kumveka ngati ka mwini wake.

Chimbale cha B.B. King cha "Live at the Regal", chojambulidwa ku Chicago mu November 1964, n'choyenera kuyambira chifukwa ziganizo zake n'zazifupi ndi zomveka bwino, ndipo anthu a m'holomo amamveka akuyankha gitala ngati munthu. "Hide Away" ya Freddie King, yojambulidwa mu 1960 mu kiyi ya E, ilibe mawu a pakamwa, ndipo yakhala ngati mayeso a oliza blues. Eric Clapton anaijambula mu 1966 ali m'gulu la John Mayall, ndipo kuyerekeza ziwirizi kumasonyeza mmene munthu angatengere nyimbo ya mnzake n'kuilankhula ndi mawu ake.

Chojambula cha pa foni sichimva ndipo sichiyankha, choncho pamafika nthawi yoti wophunzira aimbe ndi anthu, ngakhale mnzake mmodzi yekha wosinthana naye rizimu ndi solo. M'maiko ambiri muli malo amene oimba osadziwana amakumana kudzaimba blues, ndipo zimatheka chifukwa mzere wa zigawo 12 amaudziwa onse. Wotsogolera amangotchula kiyi ndi kagundidwe, n'kuwerenga mpaka kanayi. Solo imaperekedwa ndi diso kapena kugwedeza mutu, ndipo mwa chizolowezi imakhala ulendo umodzi kapena iwiri ya zigawo 12. Wopatsidwa maulendo awiri amayamba motsitsa, ndi manoti ochepa pa nsambo zapakati, kusunga kukwera ndi mphamvu kuti zidze pa ulendo wachiwiri. Akaphonya noti saima. Amaitsetseretsa fureti imodzi kumtunda kapena kumunsi, kumene kawirikawiri kumakhala noti yoyenera, phazi likugundabe. Pofika pa chigawo cha 11 amakhala akutseka chiganizo chake pa A, amadzutsa mutu kuyang'ana wotsogolera, amatsitsa mawu a gitala yake, n'kubwerera ku rizimu kuti woimba pakamwa alowe pa chigawo choyamba.